Funsani Anamwino: Mvula ikangogunda pa malata mtima wanga umafuna kutuluka

Mwezi uno mauthenga abwera ambiri pa WhatsApp ndipo sinditha kuyankha onse. Ndasankha anayi omwe nkhani zake ndi zosiyana koma thupi likuchita zofanana. Maina ndachotsa monga mwa masiku onse.

Anamwino, ine ndi mayi wa ana atatu, nthawi ya Freddy tinkakhala ku Chilobwe. Nyumba inapita ndi matope usiku ule, ife tinapulumuka koma aneba athu awiri sanapezeke mpaka lero. Pano tinasamuka, komwe tili kulibe ndi phiri lomwe, koma kumwamba kukangoda, mvula ikangoyamba kugunda pa malata mtima umathamanga ngati utuluka, manja njenjenje, m'mimba mumapota mpaka ndimathamangira kuchimbudzi, usiku onse ndimakhala tsonga kumvetsera. Kuchipatala anandiyeza BP, shuga, malungo, akuti zonse zili bwino anangondipatsa panado. Apongozi akuti ndi mizimu ya anthu aja ikundifuna, abambo akunyumba akuti ndikuchitira dala. Kodi ndayamba misala?

Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe maso anu anaona. Ndiyambe ndi funso lomalizalo poti ndikudziwa kuti ndi lomwe likukusowetsani tulo kuposa mvulayo: ayi, simunapenge. Abambowo muwauze kuti palibe munthu amene angathamangitse mtima wake dala, ayesere iwowo tione ngati zitheka.

Nkhani yake ili chonchi. Mkatikati mwa ubongo muli timagawo tiwiri tating'ono ngati njere za mtedza, kumanja kamodzi kumanzere kamodzi, dzina lake amygdala. Ntchito yake ndi ya galu wapakhomo, kuuwa kukabwera choopsa basi. Ndipo galuyu sadikira kuti inu muganize kaye, nchifukwa chake mukaona chingwe panjira mumayamba mwalumpha kenako nkumaseka kuti aa si njoka. Akauwa uthenga umathamanga kudzera mu msana mpaka pa tiziwalo tokhala pamwamba pa impso, tomwe timathira m'magazi mankhwala ochangamutsa thupi otchedwa adrenaline, ndipo zonsezi ndi masekondi chabe. Mtima umakweza liwiro kuti magazi afike msanga m'miyendo ndi m'manja, mpweya umakhala wa befu, thukuta limatuluka, kukamwa kumauma gwa, ntchito yogaya chakudya imaimitsidwa kaye poti munthu wothawa chigumula safunika kugaya nsima, ndiye m'mimba kupota kuja ndi kuthamangira kuchimbudzi kuja nkomweko. Manja kunjenjemera ndi minofu yomwe yakonzeka kuthamanga koma inu mwangokhala pa mphasa, mphamvuyo ilibe kopita. Pakapita mphindi zingapo pamabweranso cortisol, amene amakweza shuga m'magazi kuti musagwe ulesi panjira.

Tangoganizani, usiku ule mu mdima ndi matope ofika kaya mpaka pati, munanyamula bwanji ana atatu? Ndi makina omwewa. Anakupulumutsani. Vuto ndi loti galu uja sanauzidwe kuti Malichi 2023 anadutsa.

Pafupi ndi galuyo pali kagawo kena, hippocampus, ine ndimakatcha kalaliki chifukwa ndi kamene kamalemba kuti izi zinachitika malo akuti, tsiku lakuti, zinatha. Mantha akafika poopa imfa kalalikiyu salemba bwino, amangolemba zidutswazidutswa, pamene galu amasunga chilichonse, kulira kwa malata, fungo la dothi lonyowa, mdima magetsi atazima. Ndiye mvula ikagunda lero thupi silimva kuti "zija zinachitika", limamva kuti "zayambanso". Mukadziuza kuti kuno kulibe phiri mumakhala mukunena zoona, koma mbali ya ubongo yoganiza mofatsa, yomwe ili kuseri kwa chipumi, imachepa mphamvu galu akamauwa, ndipo galuyo samva Chichewa. Amamva zomwe thupi likuchita.

Makina akuchipatala sanakunamizeni, mtima wanu ulibe chilema. Kungoti panado alibe nazo ntchito izi. Milungu yoyamba pambuyo pa zoopsa pafupifupi aliyense amadzidzimuka, kulota zoipa, kusowa tulo, ndipo ambiri zimazilala zokha. Zikapitirira mwezi nkumasokoneza moyo, ndi pomwe timayamba kuganizira za PTSD, vuto la mantha osatha pambuyo pokumana ndi zoopsa. Dzinali linalowa m'mabuku a madokotala mu 1980 ku America, makamaka kaamba ka asilikali obwera ku nkhondo ya ku Vietnam, koma vutolo ndi lakale, pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ankati shell shock ndipo ena ankawanena kuti ndi amantha chabe. Pena ndimaganiza za azigogo athu omwe anapita ku nkhondo imeneyo ngati asilikali a KAR, gulu la nkhondo la atsamunda, ndi amtengatenga, kuti atabwerera kumudzi nkumadzidzimuka ndi bingu anthu ankati chani. Akuluakulu amati wamisala anaona nkhondo, tanthauzo lake ndi lina ndikudziwa, koma mawuwo ndikawamva ndimangoti hmm.

Nanga mutani? Thupi lili ndi buleki yake. Pali mtsempha wautali wotchedwa vagus, umachoka pansi pa ubongo nkutsika m'khosi kupita ku mtima, mapapo mpaka m'matumbo, ndipo nthawi iliyonse mukamatulutsa mpweya umabweza liwiro la mtima pang'ono. Ndiye zikayamba musalimbane ndi kukoka mpweya wambiri, kumeneko kumangoonjezera chizungulire ndi dzanzi m'zala ndi m'milomo. Kokani pang'ono ndi mphuno kuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono ndi kukamwa mpaka 6 kapena 8 ngati mukuuzira phala la mwana, chitani choncho kwa mphindi zingapo. Pondani pansi ndi mapazi opanda silipasi, yatsani tochi, tchulani mokweza zomwe mukuona, ndowa iyo, mpando uwo, kalendala iyo, nenani tsiku la lero ndi malo omwe muli. Kusamba kumaso ndi madzi ozizira kumathandizanso. Izi muziyeserera masana kuli dzuwa, osadikira mvula, munthu saphunzira kupalasa njinga galu akumuthamangitsa.

Kenako pang'onopang'ono, mvula yowaza ya masana, khalani pakhonde ndi munthu amene mumamukhulupirira, mumvetsere mpaka mtima utsike wokha. Mphindi zisanu lero, khumi ulendo wina. Galu uja amaphunzira choncho, poona mobwerezabwereza kuti mvula yagwa ndipo nyumba ikadalipo. Koma poti papita nthawi yaitali, ndikupemphani mubwerere kuchipatala cha boma chachikulu cha m'boma lanu mukanene mosabisa kuti mukufuna kuonana ndi a mental health, oona za maganizo, osangoti "mtima ukuthamanga" ayi, munene za Freddy. Kupita kumeneko si kuti akutumizani ku Zomba Mental. Ndipo wina asakupatseni timapilitsi ta diazepam ta pa msika kuti muzigonera, bungwe la WHO linanena kale mu 2013 kuti mankhwala amtundu umenewu asamaperekedwe pofuna kuziziritsa mantha a munthu amene wangokumana ndi zoopsa, ndipo amazolowereka msanga.

Za apongozi sindikangana nawo pano. Ndingoti anthu aja munalibe mwayi owalira ngati mmene timalirira, panalibe bokosi, panalibe manda, ndiye nzosadabwitsa kuti akubwerabe m'maganizo. Ngati mapemphero kapena mwambo owakumbukira ungakupepuzeni, pangani, ndipo kuimba ndi anzanu a mvano kapena kwaya ndi kutulutsa mpweya pang'onopang'ono komwe ndanena kuja. Chomwe ndikana ndi malo omwe akakumangani, kukukuwirani m'makutu kapena kukuletsani kupita kuchipatala.

Anti, ndine mtsikana wa zaka 22. Chaka chatha munthu wina amene ndinkamulemekeza ngati malume anandichita chipongwe kunyumba kwake. Chomwe chimandipweteka kuposa zonse ndi choti sindinakuwe, sindinamenye, ndinangouma ngati chikuni, mawu osatuluka, ngati ndikuonera zikuchitikira munthu wina. Nditauza mnzanga anati ukanakhala kuti sunafune ukanakuwa. Mpaka pano ndimadzida. Mwina ndinalola?

Mwana wanga, sunalole. Werenganso kachiwiri. Sunalole.

Anthu amadziwa ziwiri zokha, kumenya ndi kuthawa, koma thupi lili ndi njira yachitatu ndipo ndi yakale kwambiri. Unamuonapo bongololo ukamukhudza mmene amadzipindira nkungoti zii? Kapena nkhuku ukaigoneka chagada nkuipanikiza pang'ono, umatha kuchotsa dzanja iyo ili duu osasuntha ngakhale sunaimange? Ubongo ukawerengera mwachangu kuti apa kuthawa sikutheka, kumenya kungandiphetse, umazimitsa. Minofu imauma kapena kulefukiratu, mawu amatsekeka pakhosi, thupi limachita dzanzi kuti ululu uchepe, ndipo munthu amamva ngati ali patali akungoonera, ndendende mmene wafotokozeramo. Sasankha munthu zimenezi, monga sitisankha kuphethira chitsotso chikamalowa m'diso. Zimachitikira ngakhale asilikali ophunzitsidwa. Ndipo zimachitika kwambiri ngati wochita chipongweyo ndi munthu omudziwa, wamkulu, amene unaleredwa kuti uzimugwadira, chifukwa ubongo umasokonezeka kuti uyu ndi mdani kapena ndi malume.

Ku Stockholm m'dziko la Sweden madokotala anafunsa amayi pafupifupi 300 omwe anabwera ku kiliniki atagwiriridwa, zotsatira zinatuluka mu 2017, ndipo 7 mwa 10 alionse anati thupi lawo linauma choncho. Ndiye iweyo suli wekha, uli m'gulu la ambiri. Mnzakoyo wayankhula mosadziwa, ndipo mwatsoka si yekha amene amaganiza choncho, ndamvapo mawu omwewo kuchokera kwa anthu akuluakulu oti akanadziwa bwino, zimandikwiyitsa kwambiri.

Ngati pali malo ena a tsikulo omwe sukumbuka bwino, kapena umakumbuka mtundu wa katani koma osakumbuka kuti unafika bwanji kwanu, ndi kalaliki uja ndamufotokozera mayi a pamwambawa, si kuti ukunama. Ngati pena umangopezeka wachita zii pakati pa anthu, osamva kukoma osamva kuwawa, ndi kuzimitsa komwe kuja kukubwerera. Zikatero gwira chinthu chozizira, dzuka uyende, tafuna chinthu chowawasa ngati bwemba kapena ndimu, itana thupi libwerere.

Chonde pita ku One Stop Centre, ku Queens ku Blantyre iliko komanso m'zipatala zina zikuluzikulu, kumeneko anamwino, alangizi ndi apolisi amakhala malo amodzi kuti usamangofotokoza nkhani yako pa mawindo khumi. Ngakhale papita chaka ukayezetse magazi ndi kulandira uphungu. Ku polisi kulinso Victim Support Unit ngati utafuna kukadandaula, ndipo nthawi yake usankha ndiwe. Kwa ena amene mukuwerenga ndipo zakuchitikirani kumene: mankhwala oteteza ku HIV aja a PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, musadikire kuti abale akambirane kaye. Ndipo iwe mwana wanga, ngati kudzida kumeneku kwafika poganiza zodzivulaza, usagone nazo, uza munthu lero lomwe kapena pita kuchipatala pompano.

Sisi, ine ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto mu Lilongwe. Mu Juni ndinaombana ndi minibasi, kasitomala wanga anathyoka mwendo ine ndinangosupuka. Chodabwitsa tsiku limenelo sindinamve kuwawa, ndinadzuka nkumathandiza anthu, kunjenjemera kunayamba ndili kunyumba usiku. Pano ndikamva hutala kumbuyo thupi lonse limachita tsemwe, pa malo a ngozi paja ndimazungulira ngakhale mafuta athe, kunyumba ndimangokalipa ndi zazing'ono zomwe, khosi ndi msana kuwawa daily. Ndimamwa kaye pang'ono kuti ndigone. Anzanga pa siteji akuti ndalowa chikazi.

Achimwene, anzanuwo asiyeni, pakati pawo pali ena amene akuzungulira misewu yawo mwakachetechete.

Kusamva kuwawa kuja ndi adrenaline pamodzi ndi mankhwala ena opha ululu omwe ubongo umapanga wokha, ndiye munthu amatha kuyenda ndi bala osadziwa. Kunjenjemera kunadikira mpaka mutafika malo otetezeka, ndipo kumeneko sikufooka, ndi injini ikuzizira. Vuto lanu pano ndi loti njinga yaima koma injini ikulirabe pamwamba tsiku lonse. Mukudziwa nokha zomwe zimachitika, mafuta amatha, injini imatentha. Khosi ndi msana ndi minofu yomwe yakhala yokungika miyezi yonseyi, ngakhale ndikufuna mukapimitsenso poti munagwa, tisamangonamizira maganizo pamene fupa lili ndi nkhani yake. Kukalipa kuja ndi mbali ya "kumenya" ya makina omwewa, munthu amene thupi lake lili tcheru mwana akagwetsa kapu limamva ngati minibasi ija. Izi zikufotokoza, koma sizikupatsani chilolezo. Mukamva kutentha kukukwera tulukani panja, zungulirani nyumba kaye, ndipo alamu anga muwauze zomwe zikuchitika m'thupi mwanu asamaganize kuti mwapeza wina.

Mowa ndiye ayi. Umakugwetsani msanga inde, koma umaononga tulo ta m'bandakucha, mumadzuka 3 koloko mtima uli phaphapha, maloto oipa amachuluka, ndiye mawa mumafuna wambiri. Ndipo m'mawa mukunyamula mwana wa munthu pa njinga. Chepetsaninso ma energy drink aja mumamwa pa siteji, caffeine amathamangitsa mtima ndipo galu uja akamva mtima ukuthamanga amayesa kwaopsa.

Kuzungulira malo a ngozi kumakupatsani mpumulo wa lero koma kumauza ubongo kuti mwapulumuka chifukwa chozungulira, ndiye mantha amakula. Pitanipo wapansi kaye ndi mnzanu mmodzi wanzeru, Lamulungu m'mawa magalimoto asanachuluke, imani pomwepo mpaka mtima utsike, musachoke uli pamwamba. Ulendo wina mukwezedwe, kenako muyendetse nokha opanda kasitomala. Zikakanika kapena tulo tikapanda kubwerera, St John of God ali ndi malo mu Lilongwe momwemo komanso ku Mzuzu, ndipo ku Bwaila kuli mbali yoona za maganizo. Ku Zimbabwe dokotala wina, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench, agogo aakazi ophunzitsidwa kumakhala pa benchi panja pa kiliniki nkumamvetsera anthu omwe kumeneko amati ali ndi kufungisisa, kuganiza kwambiri kumene timanena kunoku, ndipo zinaoneka kuti zimathandizadi. Ndiye kukamba si chikazi achimwene. Kali kokha nkanyama. Komanso kasitomala uja, ngati simunakamuone chichitikireni ngozi, ndikukayikira kuti nayenso akukugonetsani mochedwa.

Anamwino, mdzukulu wanga wa zaka 7 wayambiranso kukodza pogona chibwerereni akuba kunyumba kwathu mwezi watha, anaona bambo ake akumenyedwa. Amakakamira mayi ake ngati khanda, ndipo akamasewera amangopanga za akuba. Bambo akewo akuti akwapulidwe asiye.

Agogo, chikwapu chibisidwe. Mwana ameneyu waona kale munthu akumenyedwa m'nyumba momwemo, mukamukwapula mukutsimikizira thupi lake kuti nyumbayo ndi yoopsadi, ndipo mikodzo ichuluka. Ana akaopsezedwa amabwerera m'mbuyo, kukodza pogona, kuyamwa chala, kukakamira, kudandaula m'mimba kapena mutu popanda matenda. Masewero a akubawo musamuletse, mwana alibe mawu okwanira ndiye amafotokoza ndi timitengo ndi zidole, inu muzingokhala pafupi, pena mufunse kuti kenako chinachitika nchani, ndipo mumuthandize kufika pomwe akuba apita, kwacha, adadi ali moyo. Musamukakamize kufotokoza ngati sakufuna.

Mwana amatengera kupuma kwa wamkulu amene wamunyamula, ndiye nanunso akuluakulu musamakambe za usiku ule mokuwa iye ali pomwepo. Nthawi yodya, yosamba ndi yogona ikhale yomweyomweyo tsiku lililonse, kusukulu azipita ndipo aphunzitsi ake adziwitsidwe. Madzulo muziyenda naye kukatseka zitseko aone ndi maso ake, akodze asanagone, muyale pulasitiki pansi pa chofunda, akanyowetsa musinthe mwakachetechete osamuseka pamaso pa anzake. Ngati akumva kuwawa pokodza, akutentha thupi kapena akumwa madzi modabwitsa, ameneyo apite kuchipatala msanga akayezedwe mkodzo ndi shuga. Zikapitirira mwezi wina osasintha mupite nayenso, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Ndipo bambo akewo, amene anamenyedwa mwana wawo akuona, muwafunse mwakachetechete ngati iwowo akugona.